Moni wa M'mawa Usiku

Ntchito yanga ndi kuyesa masewera a pa telefone asanatuluke, n'kumakonza Chichewa chake. M'masewera a mlungu uno muli nkhalamba ya chikhoti yoima pamphambano usiku, ndipo aliyense wodutsa imamupatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji?"

Ndinalembera abwana anga a Edgar ku Tete kuti munthu sapereka moni wotere kutada. Anayankha kuti anamasulira ndi makina, ndisiye kuvuta, masewera atuluka mawa. Ngati kuti makinawo anabadwira kuno ku Tsangano. Chonsecho dzina lolembedwa kumapeto ndi langa, wosekedwa ndidzakhala ine.

Kunyumba rede ya telefone sigwira, choncho ndinatenga tochi kulowera kuchitunda, kuseri kwa minda ya kachewere, kuti ndikawalemberenso. Njira yonse ndinkalalata ndekha.

Pamphambano ya kumanda panaima bambo achikulire. Chikhoti chawo chinali ndi dothi lofiira m'mapewa.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

Mkwiyo wa tsiku lonse unandikwera. "Inunso, bambo? Mdima wonsewu? Amati mwaswera bwanji. Akuluakulu ngati inu mpaka ndichite kukuphunzitsani moni?"

Iwo sanakwiye. Anasasa dothi paphewa pang'onopang'ono, n'kucheukira kumitengo ya kumanda, kumene wina anatsokomola, winanso n'kutsokomola chapafupi.

"Pepani, mayi," anatero. "Ifeyo tadzuka kumene."

Anasendera pakati pa njira.

"Komatu simunandiyankhe."