Kaburashi ka Loretta

"Penti ya radiyamu singadwalitse munthu, a Tuttle. Mboni ya kukhoti mukaifune kwina," anatero Dokotala Prentiss.

Loya Tuttle anakukuta mano. Uyu anali dokotala wachisanu mumzinda wa Newark kumukana, chonsecho mlandu wa atsikana amene anadwala chifukwa chopaka penti yowala mumdimayo pa manambala a mawotchi unali Lolemba.

Loretta, mmodzi wa atsikanawo amene anabwera ndi loyayo, nsagwada yake yowola ili m'bandeji, anasolola kaburashi ka kufakitale m'chikwama.

"Tinkakasongola ndi milomo tsiku lonse, adokotala. Poti n'kabwinobwino, tangokanyambitani kamodzi, ife tizipita."

Dokotala uja anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. Anatenga chopanira chachitali, n'kukanyamula kaburashiko atatembenuzira nkhope kumbali.

"Musamayende nazo zinthu ngati izi, mayi," anatero. "Muno mumabwera ana."