Anthu Awiri M'dzenje la Vinyo

Febe anatsika kabaza patali ndi nyumba kuti asamveke. Okala yake ya pa Nsaru anali ataitseka dzuwa lili paliwombo, makasitomala ali kukamwa yasa. Mtima sunali m'malo.

Nkhani inayamba ndi Promise, mng'ono wake, amene sukulu ya zomangamanga inamulowa. Ndiye anajambula dzenje losungiramo vinyo wa chidede amene Febe amapanga. Anauza kompyuta kuya kwa dzenjelo, mtundu wa dothi, makulidwe a khoma ndi ukali wa dzuwa la kuno, kompyutayo n'kulosera kuti ngakhale mu Okutobala mkatimo muzikhala mozizira, vinyo osaonongeka. Ndipo zinkaterodi. Koma posachedwapa kachipangizo koyeza kutentha kamene Promise anaika m'dzenjemo kanayamba kuonetsa zachilendo. Masana aliwonse, Febe ali ku okala, m'dzenjemo munkafunda, madzulo n'kuziziranso.

Promise anayesa zonse pa kompyuta. Anayerekeza kuti khoma lang'ambika, manambala anakana. Anayerekeza chitseko chosiyidwa pululu, anakanabe. Ataikamo kutentha kwa thupi la munthu mmodzi anayandikira, ataikamo awiri anagwirizana ndendende.

"Achemwali, musakwiyire ine," anatero pa foni. "Mumalowa anthu awiri, ndipo amakhalitsa."

Kiyi wina anali ndi Febe, wina ndi mwamuna wake Nasoni. Mabotolo onse anali chitsekere, ndiye nkhani sinali ya kumwa. Nanga mwamuna wamkulu angadzitsekere ndi ndani m'dzenje masanasana, pakhosi pali gwa? Pamenepo Febe sanafune kompyuta. Masiku amenewa Nasoni ankangodandaula msana, chonsecho makasu anali asanatuluke n'komwe. Mphasa yatsopano inasowa pakhonde. Usiku Febe ankangotembenuka, chifukwa bamboyu ankamukonda, ndipo n'chimene chinkawawa kwambiri.

Womufunsa analibe. Pakhomo masana pankatsala amayi ake a Febe okha, amene miyendo inaleka kugwira ntchito chaka chatha. Ankangogona m'kanyumba kawo ka malata kotentha ngati uvuni, kamene chilimwe chathachi kanawakomolapo, ndipo za Nasoni sakanadziwa kanthu. Awiriwo mwambo ankausunga mpaka kunyanya. Kale mkamwiniyo akaona apongozi ake panjira ankalowa m'tchire, minga kapena ayi, ndipo chikwatirire anali asanayang'anizanepo m'maso. Ngakhale moni ankadzera mwa Febe. Febe atawanong'oneza nkhawa yake, amayiwo anangofunda chitenje kumaso n'kunena kuti mwana wa eni ake asamuganizire zoipa.

Koma Febe anali atamanga kale mfundo. Akawapezerera, madzulo omwewo aitanitsa ankhoswe, Nasoni alongedze abwerere kwawo ku Kabudula. Pamudzi pano anangobwera, mitengo anaipeza.

Febe anazembera kuseri kwa nkhokwe, thukuta lili kamukamu. Loko wa padzenje anali wotsegula. Pamasitepe panali nsapato za Nasoni zokha. Wochenjera mkaziyo, anaganiza Febe, walowa nazo zake. Anaima, anabwerera pang'ono, anaimanso. Kenako pansipo panamveka kutsokomola, ndipo kunali kwa munthu wamkazi.

Febe anatola mpini wa khasu n'kukankha chitseko.

Nasoni anali khale pakona, nkhope italoza kukhoma ngati mwana wolangidwa. Pakona ina, pa mphasa yatsopano ija, panagona amayi ake a Febe, nawonso atafulatira.

"Usauze anthu, mwanawe," anatero amayiwo osatembenuka. "Akamva kuti mkamwini amandibereka kumsana kundithawitsa dzuwa, nkhope ndidzaiika pati?"

Febe anabisa mpini uja kumbuyo.