Zithunzi za Chilonda Zinatsala mu Laputopu

Panali munthu wina, mphunzitsi, amene mkazi wake anadwala khansa mpaka madokotala anamuchotsa bere limodzi. Poti chipatala chinali kutali, dokotala anati azijambula chilondacho n'kumamutumizira kuti aziona mmene chikupolera. Mayiyo anali wamanyazi kwambiri, ngakhale mchemwali wake weniweni sanamuonetsepo. Analola mwamuna wake yekha, ndipo zithunzizo bamboyo ankazisunga mu laputopu.

Tsiku lina mabatani ena a laputopuyo anasiya kugwira ntchito. Mphunzitsi mnzake anamulangiza kuti, "Achimwene, musanakaisiye kokonzetsa, samutsirani zinthu zanu pa fulashi, zotsalazo mufufute."

"Aaa, ndani angataye nthawi ndi kompyuta ya mphunzitsi? Muli mayeso okhaokha umu," anatero akuseka. Zithunzi zija anali ataziiwaliratu.

Wokonzayo anali ndi kashopu kodzaza mawaya, komanso pakamwa potsekemera. "Bwana, mundisiyire pasiwedi kuti ndiiyese bwinobwino. Mawa mudzaipeza ili myaa." Bamboyo anailemba pakapepala, n'kumapita.

Laputopu inakonzedwadi bwino. Koma pasanapite nthawi, mayi wina woimba naye kwaya anafika kwa mkazi uja n'kumuonetsa foni. Chithunzi cha chilonda chake chija chinali chikuzungulira m'magulu a pafoni, nkhope ikuonekeratu. Ena ankaseka, ena ankalemba kuti tiwapempherere, koma onsewo ankachitumizabe kwa anzawo. Abale, anthu ena mtima alibe.

Bamboyo anathamangira kushopu kuja. Wokonzayo anangoti, "Pano makompyuta amagwira anthu ambiri, ine sindikudziwapo kanthu."

Atabwerera kunyumba anapeza mkazi wake akupinda zovala za ana. Anagwada pambali pa bedi, misozi ili chuchuchu.

"Mayi a ana, wolakwa ndine. Anandichenjeza koma sindinamve."

Mayiyo anamupukuta misozi ndi dzanja lake. "Dzukani bambo, ana angakuoneni. Inu munkandisambitsa ndili chigonere, usiku simunkagona. Ndingakudeni bwanji? Dzukani."

Ine amene ndikukuuzani nkhaniyi, nditamva mawu amenewa ndinalira, sindibisa. Mayiyo anakhululukadi ndi mtima wonse, ndipo banja lawo lilipobe. Koma kukwaya anasiya kupita. Mpaka lero akafuna kusintha zovala amazitenga n'kukavalira kubafa, chitseko chokhoma, mwamuna wake atakhala pabedi akudikira.

Phunziro: Mu kompyuta yanu simuli zinsinsi zanu zokha, mulinso za anthu amene anakukhulupirirani. Musanaipereke kwa wokonza, samutsirani zithunzi ndi mafayilo pa fulashi, mufufute zotsala, ndipo mutuluke m'maakaunti anu onse. Akafuna pasiwedi, muilowetse nokha, aiyese inu muli pomwepo. Chithunzi cha munthu wodwala chikakupezani, chithere pa inu. Nkhaniyi yokha ndiye itumizeni kwa abale ndi anzanu, mwina wina akukakonzetsa kompyuta yake mawa.