Madzi a Mjigo wa Kutsidya

Makina a kuchipatala sayesa munthu payekha. Amati omwa mjigo umodzi amafa mofanana, choncho amawerengera pamodzi zaka zimene odwala impso a pamjigopo amakhala ndi moyo. Gulu lofa msanga limalandira mankhwala pomalizira.

Pamjigo wa Nangondo panafa anthu anayi chaka chatha. Mwana wake wamkazi, Tiyese, atayamba kutupa miyendo, Nangondo anasiya kutunga pafupi. Kwa miyezi itatu ankawoloka dambo kukatunga kutsidya, kumene mnzake Nasibeko anamupemphera malo pamzere. Mtsuko wakale anauswa n'kugula watsopano. Ngakhale thobwa la achibale Tiyese sankaloledwa kulawa.

Lachiwiri m'mawa mlangizi wa zaumoyo anafika. Anadontheza madzi a mumtsuko pakachipangizo kake kozindikira mjigo umene munthu amamwa, kenako dontho la magazi a Tiyese. 

"Mayi, mwana wanu walembedwa m'gulu la kutsidya," anatero mlangiziyo. "Ayamba mankhwala Lolemba."

Nangondo anagwada n'kuwomba m'manja.

"Musathokoze msanga. Kudwala kwake kwatsitsa zaka za moyo za gulu lonselo. Mankhwala awo achepa, ndiye munthu mmodzi wachotsedwa pamndandanda."

"Ndani?"

Mlangiziyo anayang'ana pansi. "Bambo Chikakuda."

Amenewo anali amuna ake a Nasibeko. Nangondo ali chigwadire, anamva mawu a mnzakeyo pabwalo, akubwera mosangalala.

"Odi kuno, anzanga! Tiuzeni, zayenda bwanji?"