Mpeni wa ku Joni ndi ndulu ya nsomba

Panali munthu wina wa ku Kasenengwa, dzina lake Alfonsi, ndipo amene anandiuza nkhaniyi analumbira kuti ndi yoona. Zinachitika nthawi ya Chitaganya, Chipata akutchedwa Fort Jameson.

Alfonsi anafika m'tauni kudzafuna ntchito wopanda m'bale ngakhale mmodzi. Amene anamutola ndi Che Buruhani, mkulu wachisilamu wochokera ku Nyasalande, yemwe anaphikira mzungu wina wolima fodya zaka makumi awiri. Maso a mkuluyu anali atayamba kufooka. Dona wa panyumbapo anawauza kuti akapeza wolowa m'malo mwawo wodziwa ntchito, awasiya azikhalabe m'kanyumba ka kuseri mpaka imfa. Akabweretsa mbuli, achoke onse awiri. Kwawo kunalibenso wowadziwa, choncho kanyumbako ndiko kanali pogona pawo pomaliza.

Anamuphunzitsa miyezi itatu. Kenako dona ananena kuti Lachisanu kubwera alendo kudzadya nsomba zaziwisi za ku Luangwa, ndipo amenewo ndiwo mayeso a Alfonsi. Che Buruhani anatulutsa mpeni wawo n'kumupatsa. Unali wakuda, wowonda chifukwa chonoledwa zaka zambiri, chigwiriro chake chomangidwa ndi waya.

"Mwanawe, mpeni wa nsomba sausankha ndi maso," anatero. "Uukanikize pathabwa. Wabwino umapindika n'kubwerera, ndiwo umatsata minga n'kusiya mnofu wokha, momwe azungu amafunira. Wonenepa umafuna mphamvu, ndipo mphamvu imaboola ndulu. Ndulu ikaphulika, nsomba yatha."

"Ndamva, bambo."

Anamva chiyani! Mumtima ankati, ine ndikaime pamaso pa dona ndi kachitsulo konga kotola kudzala?

Lachinayi anapita kumsika kukagula mandimu, mpeni uja uli m'thumba. Pamene ankatulutsa mpango, mpeniwo unagwa pansi. Bambo wina wovala jekete ndi chipewa anautola, anauyang'ana, n'kuseka.

"Achimwene, mumagwira ntchito kwa azungu ndi chimenechi? Taonani uwu, wa ku Joni. Sunoledwa, suchita dzimbiri. Mutha kudziyang'anirapo nkhope."

Unalidi wonyezimira. Alfonsi anafuna kuukanikiza pabenchi monga anamuuzira Che Buruhani, koma bamboyo anamugwira dzanja msanga.

"Ayi, ayi! Wa ku Joni saupinda, mukufuna kundichititsa manyazi? Tingosinthana. Wanuwo akazi anga azikasendera mbatata."

Munthu wosamudziwa ndi dzina lomwe, wokana kuti uyese katundu wake, iwe n'kumupatsa mpeni wa amene anakutola pamsewu! Alfonsi anapereka, ndipo anabwerera kunyumba akuimba mluzu. Kwa Che Buruhani sananene kanthu.

Lachisanu m'mawa nsomba zinafika. Che Buruhani anakhala panja pa khitchini kuothera dzuwa, poti dona anawaletsa kulowa. Alfonsi anagwira nsomba yoyamba kuti aitumbule, koma mpeni unangotsetsereka pamimba. Anakanikiza ndi mphamvu, mpeni unalowa wonse, ndulu phu! Madzi obiriwira anayenderera pamnofu. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu anaiphwanya mpaka minga inasakanikirana ndi mnofu.

Apa ndi pamene pamandikwiyitsa ine. Mkulu uja anali pakhomo pomwepo, masitepe asanu okha. Alfonsi akanangoti "bambo, ndalakwa", nkhuku zinalipo m'khola, chakudya chikanasinthidwa. Koma iye anatsuka nsombazo, anazithira mandimu ambirimbiri, anakazinga, n'kupita nazo patebulo ngati palibe chachitika.

Mlendo woyamba analavulira m'kansalu. Wachiwiri anatsamwa ndi munga. Dona analowa m'khitchini nkhope ili psuu, n'kuitana onse awiri.

"Ndani wachita zimenezi?"

"Ine ndangochita zomwe anandiphunzitsa mdalayu, dona," anatero Alfonsi. "Mpeninso ndi womwe anandipatsa."

Che Buruhani anatambasula dzanja. Anaupapasa mpeniwo, anaukanikiza patebulo, sunapindike.

"Uwu si wanga," anatero motsitsa mawu.

Dona analibe nthawi ya milandu ya mipeni. Anati dzuwa lisanalowe onse awiri akhale atachoka, ndipo kanyumba kaja katsekedwe. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Zaka makumi awiri zinathera pa mbale imodzi ya nsomba.

Pachipata, Che Buruhani atanyamula mphasa ndi kamtolo kawo, sanamutukwane. Anangoti, "Ukanandiitana, mwanawe. Ndinali panja pomwepa." Ananyamuka kulowera kumzikiti akufufuza njira ndi ndodo.

Alfonsi anathamangira kumsika ndi ukali, ngati wolakwa ndi wina. Anamupeza bambo uja atavula jekete, atakhala pambali pa ogulitsa nsomba. Ophika a m'nyumba za azungu anali atafola kuti awakonzere nsomba zawo, ndipo m'dzanja lake munali mpeni wakuda womangidwa ndi waya, ukuyenda pamsana pa nsomba ngati ukudula nthochi.

"Bwezani mpeni wanga, wakuba inu!"

"Ndakuberani chiyani? Munapereka nokha anthu akuona. Mpeni ngati uwu ndinaufuna zaka zambiri, sindinkadziwa kuti kuli munthu woti angautaye."

"Nanga wa ku Joni uja ndiutani?"

"Ndinakuuzani kale ntchito yake, achimwene. Muzidziyang'anirapo nkhope."

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chida usanachitenge chiyese, ndipo amene akukaniza kuyesa, mthawe. Ukalakwa ulula msanga, usakankhire mlandu kwa amene anakugwira dzanja ulibe pogwira. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka aja amati "ndamva" asanamve.