Mzere womaliza wa Edmilson

Nércio anadina kamuvi kotsikira m'munsi pa laputopu, koma pakati pa kalata ya malemu mkulu wake panangotuluka B. Anadinanso, panatuluka B wina.

"Alamu, ndikuwononga mawu a mano Edmilson," anatero, kutchula mkulu wakeyo m'Chipwitikizi.

Custódia, mkazi wa malemuyo, anaimika simbi pa malaya amene ankasita n'kudzasuzumira pa zenera lakuda la laputopu. "Iwo ankayamba ndi batani la pakona ilo, Esc. Kenako chilembo cha u."

Ma B onse anafufutika. Nércio anaseka, koyamba chichokereni kumanda.

Kuti asunge kalatayo panafunika kudina chizindikiro cha madontho awiri ndi chilembo cha w. Anadina pomwe pajambulidwa madonthowo, panatuluka ç. Makinawo anagulidwa ku Malawi, koma mwini wake anawaphunzitsa Chipwitikizi. Nércio anakumbukira za chaka chimodzi chimene anakhala ku faculdade, sukulu ya ukachenjede, asanasiye: Shift ndi dontho. Zinatheka.

"Yasungika, alamu. Yasungika ndithu!"

Koma zenera linali laling'ono, mizere yoduka kumapeto. Womaliza unkati: "Nércio, makinawa ndi ako ukabwerera ku faculdade." Ngakhale ali m'manda, mkuluyo ankamukalipirabe.

Anakoka ngodya ya zenera mpaka linadzaza galasi lonse. Mawu anabalalika ngati nyemba zotayika pansi.

"Ayi, ayi, dikirani," anadzinong'oneza, n'kudina Ctrl ndi L.

Mizere inawongoka, womaliza uja n'kutalika.

"Ukakana, ndi akobe, mphwanga."