Masamba pa Njira ya Nguluwe

Padangokhala Nguluwe, mmisiri wofufuta zikopa, amene anamanga paphiri. Madzi onunkha a zikopazo ankawakhuthulira kudambo la achule, ndipo ana a achule anayamba kufa.

Mayi Chule anakwera phirilo kukadandaula. "Bambo, madzi anu akutimalizira ana."

"Inu ndi a m'matope kale," anatero Nguluwe. "Mukufuna ndiziwathira pakhomo panga?"

Mayiyo anatsikira kudambo. M'dzikomo maliro akagwa ankayala masamba panjira, ndipo pamene payalidwa masamba sipankachitika malonda. Choncho Mayi Chule anauza amayi anzake kuti aliyense athyole tsamba limodzi pa mwana aliyense amene anamuika m'manda, n'kuliyala panjira ya kwa Nguluwe.

Tsiku limene anyani osema ng'oma anabwera kudzagula zikopa, anapeza njira yonse yabiriwira, kuyambira kudambo mpaka pakhomo pa Nguluwe. Mayi Chule mwiniwakeyo anagwira pakamwa, pakuti sankadziwa kuti anawo anachuluka chotere. Anyani anavula zipewa n'kukhala pansi. 

Nguluwe anatuluka ndi tsache, koma mkulu wa anyani anamugwira dzanja.

"Musasese, achimwene. Masambawa athera pakhomo panu. Maliro onsewa ndi anu."